Dothi la Paxton: lofewa pamwamba, lolimba gwa pansi

M'chigawo cha Massachusetts, kumpoto chakum'mawa kwa United States, muli mtundu wa dothi umene alimi a maapozi amautamanda pamene omanga nyumba amaudandaula. Dzina lake ndi Paxton, lochokera ku tauni yaing'ono ya m'boma la Worcester, dera limene akatswiri a nthaka anayamba kulilemba m'mabuku mu 1922. Lili pa maekala pafupifupi 400,000 m'chigawocho, ndipo limapezekanso ku Connecticut, Rhode Island, New Hampshire, Vermont ndi New York. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, nyumba ya malamulo ya Massachusetts inalisankha kukhala dothi loimira chigawo chonse. Pa mapu a nthaka a boma, Paxton ali m'gulu la madothi osasunga lowe. Koma mwezi wa Malichi ukafika, munthu amene anamanga pa dothi lomweli osaika ngalande amadzuka n'kupeza madzi atalowa m'chipinda chapansi pa nyumba. Mapuwo sananame ayi. Zonse ziwiri n'zoona, ndipo chimene chimachititsa chabisala pa kuya kwa masentimita 50 mpaka 100.

Dothili silinabadwire pathanthwe limene lagonapo. Linachita kubweretsedwa. Zaka zoposa 20,000 zapitazo, madzi oundana otchedwa Laurentide anakuta gawo lalikulu la dziko la Canada n'kutsika mpaka ku zilumba za Long Island, Martha's Vineyard ndi Nantucket. Pamwamba pa dera lomwe lero kuli minda ndi matauni panali chiphiri cha madzi oundana chochindikala kuposa kilomita imodzi, ndipo chinali kuyenda. Chinkasuntha pang'onopang'ono, chikuzula matanthwe a granite, gneiss ndi schist, kuwaphwanya, kuwapera, n'kumakoka zonse kunsi kwake. Zimene madzi oundana amasiya mosasankha, mwala waukulu, nsangalabwi, mchenga ndi fumbi zili pamodzi, akatswiri amazitcha till.

Apa mpofunika kusiyanitsa zinthu zitatu, chifukwa tsogolo la munda uliwonse wa kuderali linagamulidwa pomwepa. Zina zinamatidwa pansi madzi oundana akadali kuyenda pamwamba pake, motero zinatsenderedwa ndi kulemera kosaneneka. Zina zinali m'kati mwa madzi oundanawo ndipo zinangogwa pansi pamene ankasungunuka, choncho n'zotakasuka. Dothi lotchedwa Charlton linachokera ku zimenezi. Zina zinatengedwa ndi mitsinje ya madzi osungunukawo, yomwe inasankha mchenga ndi nsangalabwi n'kuziyala m'zigwa. Madothi a Hinckley ndi Windsor ndi ana a mitsinje imeneyo. Paxton ndi wa gulu loyamba lija, lotsenderedwa.

Malo ake okonda ndi timapiri tosalala, totalika mbali imodzi, tolozera kumene madzi oundana ankapita. Timatchedwa drumlin. Anthu ambiri anamvapo dzina la kamodzi osadziwa kuti ndi kotero: Bunker Hill ndi Breed's Hill ku Boston, komwe kunamenyedwa nkhondo yotchuka mu 1775, ndi timapiri ta mtundu umenewu, ndipo zilumba zambiri za padoko la Boston ndi ma drumlin omwe nyanja inawazungulira.

Kuti munthu alidziwe bwino dothili, ayenera kutsikira m'dzenje n'kuyang'ana khoma lake. Masentimita 20 oyamba ndi dothi lodera, lamchenga wosalala, lonyenyeka m'manja. Ndi lomwe pulawo yakhala ikutembenuza, ndipo mzere wolekezera pulawo umaonekabe ngakhale m'nkhalango momwe munasiya kulimidwa zaka 100 zapitazo. Kuchokera pamenepo kufika pa masentimita pafupifupi 65, dothi ndi lachikasu chofiirira, lopanda mawanga, mizu ili ponseponse, timiyala apo ndi apo. Mpeni umalowa osakankha. Kenako mtundu umasintha mwadzidzidzi kukhala wotuwa mobiriwira, ndipo mpeni uja umakana. Fosholo imangolira. Ukagamula chibuma ndi piki, chimatuluka mosanjikizana m'timapale topyapyala, ndipo ukachifinya pakati pa zala sichiphwanyika pang'onopang'ono: chimakana, kukana, kenako n'kuthetheka kamodzi. Mizu ikafika pamenepa imapinda n'kuyamba kuyenda cham'mbali, kupatula ing'onoing'ono yopeza mng'alu. Sentimita imodzi mbali zonse ya dothi lapansili imalemera magalamu 1.7 kapena kuposa, pamene lapamwamba limakhala lopepuka kwambiri chifukwa cha timipata ta mpweya. Timipata timeneto ndi tomwe madzi amadutsamo, ndipo pansipa tinafinyidwa kalekale.

Kale akatswiri ankaganiza kuti gawo lolimbali linapangika m'dothi momwemo pakupita kwa zaka, ndipo ankaliika m'gulu la madothi otero. Pambuyo pake anagwirizana kuti kulimba kwake ndi kwa chibadwa, kochokera ku kulemera kwa madzi oundana. Kusiyanaku si kwa m'mabuku chabe. Mlimi wa kwathu kuno amene amaunga mizere pamalo amodzimodzi chaka ndi chaka amadziwa dothi louma gwa lomwe limapangika pomwe khasu limalekezera. Limenelo ndi lopyapyala, ndipo piki ikagwira ntchito nyengo imodzi mizu imadutsa. La Paxton silitero. Limatsika mamita angapo, pa drumlin ngakhale mamita makumi angapo, ndipo palibe chitsulo cha thirakitala chimene chingalithyole n'kufika pofewa. Wolima kapena womanga pamenepo ayenera kungolivomereza n'kukonza mapulani ake molingana nalo.

Nanga likhala bwanji m'gulu la madothi osasunga lowe? Dipatimenti ya zaulimi ya United States imagawa madothi m'magulu 7 potengera nthawi yomwe amakhala okhuta madzi, kuyambira ouma msanga mopitirira muyeso mpaka okhala m'madzi pafupifupi chaka chonse. Chimene amayang'ana si kuthamanga kwa madzi kupita pansi. Amayang'ana ngati gawo lomwe mizu imakhalamo limamira nthawi yaitali, makamaka nyengo yomwe mbewu zikukula. Umboni wake ndi mtundu wa dothi. M'dothi muli chitsulo, ndipo mpweya ukamalowa bwino chitsulocho chimachita dzimbiri, n'kupatsa dothi mtundu wofiirira wofanana ponse. Madzi akakhalitsa, tizilombo ta m'nthaka timamaliza mpweya wonse, chitsulo chimasungunuka n'kusamuka, ndipo pamatsala mawanga otuwa osakanikirana ndi ofiira. Gawo lapakati la Paxton lilibe mawanga otere, ndiye kuti silimira nthawi yaitali. Madzi amalowa mosavuta, akafika pagawo lolimba amaima, kenako amatsetsereka cham'mbali kutsata chitunda. Chimene chimapulumutsa Paxton ndi malo ake okwera. Madzi amakhalapo ndithu pamwamba pa gawo lolimbalo, koma kwa milungu yowerengeka kumapeto kwa nyengo yozizira, chipale chofewa chikamasungunuka mu Malichi ndi Epulo, mitengo isanayambe kumwa.

Madziwo akatsetsereka amakathera kwa anansi. Ukatsika drumlin kuchokera pamwamba, dothi limasintha dzina ngakhale kholo lake ndi limodzi. Pamwamba ndi m'mbali motsetsereka pali Paxton. Potsikirapo pali Woodbridge, amene mawanga otuwa amayamba kuoneka m'gawo lapakati. M'munsi muli Ridgebury wa lowe, ndipo m'zithaphwi muli Whitman, wakuda pamwamba, wotuwa pansi, wokhala m'madzi miyezi yambiri. Mndandanda wotere wa madothi otsatana pachitunda umatchedwa catena, ndipo maganizo amenewa anachokera kufupi ndi kwathu: anawayambitsa ndi Geoffrey Milne mu 1935 akufufuza nthaka ku East Africa, ali ku Tanganyika. Aliyense amene anatsikapo kuchokera ku katondo wa kumtunda kukafika ku makande a kudambo anayendapo kale pa catena. Ku Massachusetts kusinthaku kumatha kuchitika m'munda umodzi, moti mapu opanda dzenje lotsimikizira amatha kusokeretsa munthu.

Pa ulimi, Paxton ndi limodzi mwa madothi abwino kwambiri m'chigawo chomwe nthaka yake yambiri ndi yamiyala kapena yamchenga. Gawo lofewa limasunga chinyontho chokwanira, ndipo gawo lolimba, lomwe ena amalida, limaletsa chinyonthocho kuthawira pansi. Mvula ya kuderali imafika pafupifupi mamilimita 1,200 pachaka, yogwa mwezi uliwonse, komabe mu Julaye ndi Ogasiti kumakhala timilungu ta ng'amba. Nthawi imeneyo chimanga cha pamchenga wa Hinckley chimapinda masamba, pamene cha pa Paxton chimakhala chobiriwirabe. Chimanga chambiri kumeneko amalimira ng'ombe zamkaka, kuchidula chikadali chachiwisi n'kuchisunga m'nkhuti, ndipo minda ina imasiyidwa kukhala ya udzu wodula kapena msipu.

Koma mbewu imene imalikonda dothili kuposa zonse ndi maapozi. Mtengo wa apozi umadana ndi lowe, komanso sufuna ludzu, ndipo masentimita 60 kapena 80 a dothi lofewa amaukwanira. Palinso mwayi wina wosachokera m'dothi koma pa chitunda. Usiku wa mu Meyi, mitengo ili ndi maluwa, mpweya wozizira umatsikira m'zigwa chifukwa ndi wolemera, ndipo chisanu chimawotcha za m'munsi n'kusiya za pamwamba. N'chifukwa chake minda yambiri ya maapozi ya m'boma la Worcester ili pamwamba pa timapiri, osati m'mphepete mwa mitsinje. Derali ndi la maapozi kuyambira kale: John Chapman, yemwe anatchuka ndi dzina loti Johnny Appleseed chifukwa chodzala mitengo ya maapozi, anabadwira ku Leominster m'boma lomweli mu 1774.

Mavuto ake pa ulimi alipo, ndipo onse amadziwika. Dothili ndi lowawasa chifukwa miyala yomwe linachokera ilibe laimu; pH yake, womwe ndi muyeso wa kuwawasako, imakhala pakati pa 4.5 ndi 6 ngati silinathiridwe kanthu, motero laimu ndi wosapeweka kwa wofuna zokolola. Limachedwa kuuma ndi kufunda nyengo yozizira ikatha, ndipo mlimi wopupuluma kulowetsa thirakitala mu Epulo amatsendera gawo lofewa lomwe ndi chuma chake chokhacho. Kukokoloka kwa nthaka n'koopsa pano kuposa pa madothi akuya. Gawo lofewa likakhuta, madzi otsala alibe kolowera, ndiye amathamanga pamwamba atanyamula dothi. Munda wokhala ndi masentimita 65 ukataya 15, wataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a nkhokwe yake ya madzi, ndipo palibe wamoyo lero amene angadzaone zikubwerera. Ndiye chifukwa mapu amagawa Paxton potengera kutsetsereka. Kofika pa 8 peresenti (kutsika mamita 8 pa mamita 100 aliwonse), ngati miyala inachotsedwa, amawerengedwa kukhala malo aulimi apamwamba kwambiri. Kuchokera pa 8 mpaka 15 peresenti amalimika koma mopingasa chitunda, mosinthanitsa ndi udzu komanso mosasiya nthaka pambalambanda. Kupitirira apo ndi malo a msipu, mitengo ya zipatso yokhala ndi udzu pansi, kapena nkhalango.

Ndiyeno pali miyala. Madzi oundana sanapere zonse, ndipo m'dothili muli miyala ya misinkhu yonse. Atsamunda ochokera ku England atagwetsa nkhalango, nthaka inayamba kuundana mozama kuposa kale chifukwa inalibenso chofunda cha masamba. Dothi lonyowa likaundana limafufuma n'kunyamula mwala. Likasungunuka, dothi losalala limagwera kunsi kwa mwalawo, ndipo subwereranso pomwe unali. Chaka chilichonse umakwera pang'ono mpaka kutulukira. Choncho ntchito yoyamba ya chaka inali kukolola miyala: kuizula ndi chitsulo, kuigubuduzira pa thabwa lokokedwa ndi ng'ombe, n'kukaiunjika m'malire a munda. Chaka chotsatira yatsopano inali itatulukanso. Alimi anafika poitcha mbatata za ku New England, lomwe ndi dzina la dera la Massachusetts ndi zigawo zina zoyandikana nacho. Mipanda ya miyala imene inatuluka m'thukuta limenelo akuti inafika makilomita pafupifupi 380,000 m'dera lonselo, ndipo yambiri ikadalipo.

Lero mipanda yambiri ili m'kati mwa nkhalango. Cha pakati pa zaka za m'ma 1800, gawo lalikulu la Massachusetts linali minda ndi msipu. Ngalande ya Erie, yoyendamo mabwato a katundu, itatsegulidwa mu 1825, ndipo njanji zitatsatira, tirigu ndi nyama zotsika mtengo zinayamba kubwera kuchokera ku madothi akuya a kumadzulo, ndipo mafakitale anakoka achinyamata. Minda inasiyidwa. Yoyamba kusiyidwa inali yotsetsereka ndi yamiyala kwambiri. Pamwamba pa ma drumlin posalala ndi pomwe alimi ambiri anakakamira. Pakali pano pafupifupi magawo 60 pa 100 a chigawochi ndi nkhalango. Pa Paxton pamamera bwino mitengo ya oak, hickory, maple ndi paini woyera, ngakhale mizu yake simapita pansi kwambiri, moti mphepo yamkuntho ikabwera nthaka ili yonyowa mitengo ina imazuka ndi mizu yomwe, n'kuonetsa kunsi kwake kosalala.

Nkhani imavuta munthu akafuna kumanga. Poyamba zonse zimaoneka zokoma: malo okwera, owoneka patali, nthaka youma pamwamba, ndipo gawo lolimba limanyamula nyumba yolemera popanda kutitimira. Koma nyumba za kumeneko zimakumbidwa maziko akuya mamita pafupifupi 1.2 kuthawa kuundana kwa nthaka, ndipo ambiri amapitiriza kukumba kuti apeze chipinda chapansi. Dzenje limenelo limadula njira ya madzi aja oyenda cham'mbali. Madzi amagwera m'dzenje, pansi pake n'posalowa madzi, ndiye amangodzaza kuzungulira makoma. Mankhwala ake ndi odziwika: paipi yoboola timabowo yoyalidwa m'miyala kuzungulira maziko, yokatulukira kumunsi kwa chitunda, ndiponso ngalande yokwirira yodula madzi kumtunda kwa nyumba. Misewu nayo imavutika. Dothi losalala lonyowa limafufuma likaundana n'kung'amba phula, ndipo makoma a dothi odulidwa m'mbali mwa msewu amatha kugumuka pomwe madzi akutulukira pamalire a magawo awiri aja.

Chovuta kuposa zonse ndi zonyansa za kuchimbudzi. Nyumba zambiri za kumidzi sizinalumikizidwe ku mapaipi a tauni. Zili ndi thanki yake, ndipo madzi otuluka m'thankimo amamwazidwa m'nthaka kuti dothi liwasefe. Lamulo la Massachusetts lotchedwa Title 5 limafuna kuti malo ayesedwe asanamangidwe. Katapila amakumba dzenje lakuya mamita pafupifupi 3, ndipo katswiri wovomerezeka amawerenga khoma lake, woimira ofesi ya zaumoyo ya tauni ali pomwepo. Amafufuza mawanga aja otuwa ndi ofiira, chifukwa ndi amene amaulula pomwe madzi amafika mu Malichi ngakhale dzenje litakumbidwa mu Ogasiti kouma. Pambali amakumba kadzenje ka masentimita pafupifupi 30 m'mimba mwake, amathiramo madzi kuti kakhute, kenako amagwira wotchi ndi chopimira n'kumawerenga mphindi zomwe madzi akutenga kuti atsike inchi imodzi. Pa mchenga amatha munthu akuyang'ana. M'gawo lolimba la Paxton munthu amatha kudikira theka la ola kapena kuposa, madzi atangosuntha pang'ono. Lamulolo limafuna mafiti 4 a dothi lachilengedwe lolowa madzi, komanso mafiti 4 pakati pa malo omwazira zonyansa ndi pomwe madzi apansi amakwera kwambiri. Pa Paxton zimenezi sizikwanira kawirikawiri popanda kubweretsa mchenga wogula n'kuunda chulu chomwaziramo, ndipo mtengo wake ndi wosayamba.

Tsono madothi amchenga aja, omwe mlimi amawadandaula chifukwa cha ludzu, ndi amene amapambana mayeso a wotchi mosavuta. Komatu kupambana kumeneko kuli ndi ngozi yake. Mu Hinckley madzi amathamanga kwambiri moti zonyansa ndi feteleza zimafika m'madzi apansi zisanasefedwe bwino, ndipo m'zigwa zamchenga zomwezo ndi momwe matauni ambiri anakumba zitsime zawo. Ndiye chifukwa Title 5 imawonjezera mpata kukhala mafiti 5 pa dothi lomeza madzi msanga. Paxton amateteza madzi akuya, koma zonyansa zikamuchulukira amazitulutsira pamtunda m'munsi mwa chitunda, pabwalo la mnansi kapena mumtsinje. Zitsime zosaya zokumbidwa pa iye zimadzaza mu Epulo n'kuphwa mu Seputembala, motero nyumba zamakono zimaboola mpaka m'thanthwe.

Ine ndikaika zonsezi pamodzi, sindiona chovuta kugamula. Pamwamba pa drumlin posalala, pomwe mibadwo ya alimi inazula miyala ndi manja n'kuthira laimu ndi manyowa, ndi malo a chakudya. Kumangapo nyumba n'kotheka, akatswiri ali ndi njira zake zonse, koma ndi kulipira ndalama zambiri kuti ugonjetse khalidwe lomwelo limene likanapatsa mtengo wa apozi madzi mwaulere. Vuto n'lakuti wogula malo omanga amapereka ndalama zomwe mlimi sangapeze pa maapozi kapena mkaka, ndipo munda ukagawidwa mapuloti, dothi lapamwamba limapalidwa, lotsalalo n'kutsenderedwa ndi magalimoto olemera. Massachusetts inaliona vutoli ndipo mu 1977 inakhazikitsa ndondomeko yotchedwa Agricultural Preservation Restriction. Boma limalipira mwini munda kusiyana kwa mtengo wa malowo akagulitsidwa kwa omanga ndi mtengo wake ngati munda. Mlimi amakhalabe mwini, atha kugulitsa kapena kusiyira ana, koma pa chikalata cha malo pamalembedwa kuti sipadzamangidwa mpaka kalekale. Posankha minda yolowa m'ndondomekoyi, chimodzi mwa zinthu zoyamba kuyang'ana ndi mapu a nthaka, ndipo Paxton wosatsetsereka kupitirira 8 peresenti amakhala m'gulu lapamwamba.